Mwendo ukadali wofooka patapita zaka chichitireni opaleshoni ya msana: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera pakati pa anthu a kuno ku Mzuzu amene anachitidwapo opaleshoni ya msana, kaya ku Lilongwe, ku Blantyre kapena kunja kwa dziko, koma mpaka lero mwendo umodzi sunabwerere mwakale. Ambiri ululu woopsa uja unatha, bala linapola kalekale, dokotala amene anagwira mpeni ali kutali, ndipo atsala ndi mwendo wowonda umene palibe akuwafotokozera bwino. Tikamati mitsempha pano tikunena ija yonyamula mauthenga kuchoka ku ubongo kudzera mu msana kupita ku minofu, osati yodutsa magazi. Zimene zalembedwazi sizikulowa m'malo mwa kupimidwa ndi wachipatala amene wauona mwendo wanuwo ndi maso ake.

Adokotala anati opaleshoni inayenda bwino. Nanga bwanji mwendo wanga mpaka pano ulibe mphamvu?

Zonse ziwiri zikhoza kukhala zoona. Ntchito ya opaleshoni yambiri ya m'munsi mwa msana ndi kuchotsa chimene chikupana mtsempha: disiki (kakhushoni kofewa ka pakati pa mafupa a msana) imene yaphulika n'kutuluka pamalo pake, fupa limene lakula n'kuchepetsa njira, mafinya a TB ya msana, kapena fupa losweka pangozi. Dokotala akachotsa chopanacho, mbali yake watha. Mtsempha weniweniwo sausoka ndipo saikapo wina watsopano. Umatsala kuti uchire wokha, ndipo kuchira kwake kumadalira mmene unali utavulalira tsiku la opaleshoni lisanafike.

N'chifukwa chake ululu wotsika ndi mwendo umatha msanga, ena amatsitsimuka utapita kale, pamene mphamvu zimabwera mwaulesi, dzanzi n'kukhala lomalizira. Amene phazi linali litagweratu, amene mtsempha unapanidwa miyezi yambiri, achikulire, odwala shuga ndi osuta fodya ndi amene kawirikawiri mphamvu sizibwerera zonse. Za kuchedwazo ife akumpoto sitisowa wotifotokozera. Munthu amayamba ndi panado ndi bulufeni wa ku golosale, kenako kuchipatala chaching'ono, mwina kwa asing'anga, kenako kalata yopita kuchipatala chachikulu, kudikira kujambulidwa, kusonkha ndalama ya ulendo wa makilomita oposa 350 wa ku Lilongwe. Pofika pa tebulo la opaleshoni, mtsempha wakhala uli pampanipani chaka chathunthu.

Kodi mtsempha umachira bwanji, ndipo zimatenga nthawi yaitali bwanji?

Mu 1943 dokotala wa ku England dzina lake Herbert Seddon anagawa kuvulala kwa mitsempha m'magulu atatu, ndipo achipatala akugwiritsabe ntchito magulu omwewo. Gulu loyamba ndi pamene mtsempha wangofinyidwa, chikuta chake chakunja chanyuka koma timaulusi tam'kati tili bwino. Uwu umadzuka m'masabata ochepa, ukachedwa miyezi 3. Lachiwiri ndi pamene timaulusi tam'katito tafa kuyambira pamalo opanidwa kutsika m'munsi, koma njira imene timadutsamo ilipobe. Apa ulusi uliwonse umayenera kumeranso kuchokera ku msana mpaka ku mnofu wake. Lachitatu ndi pamene mtsempha wadukiratu, ndipo uwu wokha subwerera. Anthu ambiri a vuto la disiki amakhala ndi zosakaniza za gulu loyamba ndi lachiwiri mu mtsempha umodzi womwewo.

Ulusi womeranso umayenda pafupifupi milimita imodzi pa tsiku, ndiye kuti masentimita 2 kapena 3 pa mwezi. Tengani tepi ya telala muyeze kuchoka m'chiuno kumbuyo mpaka kumsongolo, kumene kuli minofu yodzutsa phazi. Kwa munthu wamkulu mupeza masentimita 60 kapena kuposa. Amenewo ndi masiku 600, pafupifupi miyezi 20. Tsoka lake n'lakuti mnofu sudikira mpaka kalekale. Ukakhala miyezi 12 mpaka 18 osalandira uthenga, malo amene mtsempha umalumikizana nawo amawonongeka, mnofuwo n'kuyamba kusanduka mafuta ndi zipsera. Ulusi ukafika mochedwa umapeza palibe woulandira. Ndi chifukwa chake minofu ya m'matako ndi m'ntchafu, imene ili pafupi ndi msana, imachira bwino kuposa ya kuphazi.

Pali njira inanso, ndipo ndi imene imapulumutsa ambiri. Timaulusi timene tinatsala tamoyo timaphuka nthambi n'kutenga tizigawo ta mnofu timene tatsala topanda mwini. Zili ngati mayi amene walandira ana amasiye a mchemwali wake pamwamba pa ake omwe: onse akudya, palibe wagona ndi njala, koma mayiyo pofika madzulo watheratu. Kuphuka kumeneku kumachitika kwambiri m'miyezi 6 yoyamba. Ndipo n'kumene kumafotokoza chimene ambiri amadandaula nacho, choti m'mawa mwendo umakhala ngati uli bwino, koma mukayenda kuchokera ku Chibavi kufika m'tauni, pobwerera phazi layamba kukhwekhwereza.

Kuphatikiza zonsezi, mphamvu zambiri zimabwerera m'chaka choyamba, zotsalazo pang'onopang'ono mpaka chaka chachiwiri.

Ine papita zaka 4. Ndiye kuti basi, zanga zada?

Kumbali ya kumera kwa mtsempha, musayembekezere zambiri pakadutsa zaka 2. Aliyense amene akukulonjezani kuti audzutsa ndi jakisoni, makina kapena botolo la mankhwala akufuna ndalama zanu. Izi n'zowawa kumva, koma kuli bwino kuzidziwa kusiyana n'kugulitsa mbuzi chaka ndi chaka.

Mwendo wokha ndiye nkhani yake ndi ina. Kufooka kumene mukumva lero si konse kochokera ku mtsempha. Gawo lina, nthawi zina lalikulu ndithu, ndi la mnofu wamoyo umene waphwa chifukwa chosagwiritsidwa ntchito. Taganizani mmene mwakhalira zaka zonsezi. Podzuka pampando mumatsamira mwendo wabwino. Pokwera sitepe mumatsogoza wabwino. Poimirira pamzere ku banki thupi lonse lili kumwendo wabwino. Achibale nawo, mwa chikondi, anakulandani ntchito zonse. Mnofu wotere, ngati ukadali wolumikizidwa ku mtsempha ngakhale pang'ono, umakula ukapatsidwa ntchito, kaya papita zaka 4 kapena 10, kaya munthuyo ali ndi zaka 70. Mwendo sungafanane ndi unzake, koma kusiyana kwa munthu amene amagwa kawiri pa mwezi ndi amene amapita yekha ku msika wa Zigwagwa n'kubwerako nthawi zambiri kumagona pamenepa.

Bwanji kwa ine ndi phazi lokha, pamene mnzanga amene anachitidwa opaleshoni yomweyo vuto lake ndi bondo?

Mtsempha uliwonse wotuluka mu msana uli ndi minofu yake. Pa kalata yanu yotulukira m'chipatala muona zilembo ngati L4, L5 kapena S1, ndipo zimenezo zikunena malo amene panali vuto. Mitsempha ya L3 ndi L4 imapatsa mphamvu mnofu waukulu wa kutsogolo kwa ntchafu, wowongola bondo. Ikavulala, bondo limangopindika lokha, makamaka potsika mtunda kapena masitepe. Wa L5, mothandizana ndi L4, umadzutsa phazi ndi chala chachikulu, komanso umagwira chiuno kuti chisapendekeke poyenda. Wa S1 ndi wa katumba wa kumbuyo kwa mwendo, amene amakuimiritsani pa zala ndi kukukankhani poponya sitepe.

Vuto la L5, limene achipatala amati foot drop, limadziwika ngakhale muli m'chipinda china. Phazi likamatera limamveka kuti phwa, phwa. Patapata amavuka yekha n'kutsala m'matope mwini wake osadziwa. Nsapato imatha kutsogolo, ya mwendo umodzi wokha. Munthu amakweza bondo kwambiri ngati akudumpha chinthu, ndipo kamuzu kakang'ono panjira ya ku Masasa n'kokwanira kumugwetsa.

Amene vuto linali pamwamba, chakumsana kwa chifuwa, monga zimakhalira kawirikawiri ndi TB ya msana, nkhani yawo ndi yosiyanako. Kumeneko chimene chimapanidwa ndi chingwe chachikulu cha msana, chimene chimathera cha pa L1 kapena L2. Miyendo yawo imakhala yolimba gwa, yodumphadumpha yokha, osati yolobodoka, ndipo mafizo awo amafuna kutambasula kwambiri.

Ndingadziwe bwanji ngati ndikupita patsogolo kapena ndikubwerera m'mbuyo?

Maso ndi mtima zimanama, choncho lembani. Kuchipatala amayeza mphamvu ndi manambala kuyambira 0 mpaka 5. Akati "kankhani dzanja langa" amakhala akufuna nambala imeneyi. 0 ndi mnofu wosagwedezeka n'komwe, 1 ukungogunda pang'ono, 2 ukusuntha chiwalo pokhapokha sichikukwera m'mwamba, 3 ukutha kuchikweza koma wina akakanikiza chigonja, 4 ukulimbana naye koma mofooka, 5 ndi mphamvu zonse. Pemphani kuti nambalayo ilembedwe m'buku lanu lakuchipatala pa mnofu uliwonse. Amene ali pa 3 kapena 4 ndi amene amapindula kwambiri ndi mafizo olimbitsa.

Kunyumba, kamodzi pa mwezi, yezani kukula kwa ntchafu zonse ziwiri pamalo amodzimodzi, masentimita 10 pamwamba pa bondo. Werengani kuti mukutha kudzuka pampando kangati m'masekondi 30 osagwira ndi manja. Gwirani khoma, imirani pa mwendo umodzi, muone kuti chidendene mukuchikweza kangati, kenako winawo. Tsiku ndi tsiku musayeze, mungodzidwalitsa mtima.

Ndi zizindikiro ziti zofunika kuthamangira kuchipatala?

Mkodzo ukakana kutuluka kapena ukamatuluka osaumva, chimbudzi chikamangotuluka chokha, mukachita dzanzi kumaliseche, pakati pa ntchafu ndi kumatako moti podzipukuta simukumva, kapena miyendo yonse iwiri ikayamba kufooka m'masiku ochepa, pitani tsiku lomwelo, ngakhale usiku. Limeneli likhoza kukhala vuto lotchedwa cauda equina, pamene mtolo wonse wa mitsempha ya m'munsi wapanidwa, ndipo limawerengedwa m'maola osati m'masabata. Manyazi onena za mkodzo pamaso pa ana kapena apongozi alumalitsa anthu. Uzani namwino mosabisa mawu.

Kutentha thupi pamodzi ndi ululu wa msana, bala lakale kuyamba kutuluka madzi, kutuluka thukuta usiku ndi kuwonda, kapena katumba kutupa mbali imodzi n'kumapweteka, zimenezinso si zodikira tsiku la kiliniki.

Mwendo unakhazikika kwa zaka, koma chaka chino ukufookerafookera. N'chiyani?

Kufooka kotsalira pambuyo pa opaleshoni kumakhala pamodzimodzi. Kukayamba kukula, pali china chatsopano, ndipo chiyenera kufufuzidwa. Disiki ikhoza kutulukanso pamalo omwe aja. Malo oyandikana ndi pamene anamanga zitsulo amasenza katundu wochuluka ndipo amatha msanga. Njira ya mitsempha imachepanso ndi ukalamba, ndipo chizindikiro chake ndi miyendo yolemera mukayenda, yopepuka mukakhala pansi kapena kuwerama.

Koma si zonse zochokera ku msana, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amasochera, chifukwa wachipatala akangoona chipsera kumsana maganizo ake onse amathera pomwepo. Matenda a shuga amawononga mitsempha kuyambira ku zala za mapazi onse awiri. HIV nayo imatero, ndipo amene anamwapo ma ARV akale okhala ndi stavudine, amene anasiya kuperekedwa, ena anatsala ndi mapazi otentha mpaka lero. Mankhwala a TB a isoniazid amachepetsa vitamini B6, n'chifukwa chake amaperekedwa limodzi ndi pyridoxine, amene ndi vitamini B6 yemweyo. Kachasu ndi mowa wina uliwonse wambiri umapha mitsempha. Kuchepa kwa vitamini B12, kumene kumabweranso kwa amene amwa mankhwala a shuga a metformin zaka zambiri, kumachita chimodzimodzi. Palinso mtsempha wina wodutsa kunja kwa bondo, pansi pa khungu penipeni, umene umapanika mukazolowera kupingasa miyendo kapena kunjuta nthawi yaitali, makamaka mwendo ukawonda, ndipo umagwetsa phazi mofanana ndi L5. Zambiri mwa izi zimapezeka ndi kuyeza magazi ndi kupima bwino, ndipo zili ndi chithandizo.

Mafizo ake ndi ati? Kuchipatala anandipatsa pepala koma ndinasiya kalekale.

Pepala lija linali la masabata oyamba, pamene bala linali laliwisi. Kugwedeza phazi muli chigonere sikungakulitsenso mnofu patapita zaka. Mnofu umakula ukatopa, choncho ntchito iyenera kumawonjezeka.

Yambani ndi mpando. Khalani, bwezani phazi la mwendo wofooka kumbuyo pang'ono kuti ndilo lisenze thupi, dzukani osagwira, khalaninso pang'onopang'ono osadzigwetsa. Mukafika ka 12 mosavuta, pezani mpando wamfupi kapena kumbatirani chigubu cha malita 5. Sitepe ya pakhonde ndi chida china: kwerani motsogoza mwendo wofooka, tsikani motsogoza wabwino, dzanja lili pa chipilala. Za katumba, gwirani khoma n'kumaimira zala, poyamba miyendo yonse, kenako kukwera ndi iwiri n'kutsika ndi wofookawo wokha. Za chiuno, gonani chammbali mwendo wofooka uli pamwamba, muukweze uli wowongoka. Za phazi logwa, khalani pansi, mangani lamba wodula ku chubu chakale cha njinga ku mwendo wa tebulo, mukoleke kuphazi n'kumakokera zala kwa inu. Ngati phazi silidzuka n'komwe, kolekani chitenje kuphazi, kokani mpaka mumve kumbuyo kwa mwendo kukukoka, gwirani masekondi 30, kangapo pa tsiku. Izi sizibweretsa mphamvu, koma zimaletsa kakolo kuumira pansi, ndipo kakolo akauma ngakhale nsapato sikulowa.

Masiku 3 pa sabata n'okwanira, tsiku lopuma pakati. Kusintha kumayamba kuoneka pakatha masabata 8 mpaka 12, ndiye amene amasiya pa sabata yachitatu amasiya asanayambe. Kuphwanya kwa minofu kumene kumatha pofika mawa lake si vuto. Ululu wothamanga ngati magetsi kutsika ndi mwendo, kapena mwendo kukhala wofooka kwambiri masiku awiri otsatira, ndiye kuti mwapyola, chepetsani. Ndipo poyamba penipeni, pitani kwa a mafizo akuoneni mukuchita, chifukwa thupi limaba: mumaganiza kuti mukukweza mwendo pamene mukupotoza chiuno.

Nanga khasu, ndowa ya madzi, kabaza, chimbudzi chonjuta?

Patapita zaka msana unapola, ndipo kukhala osagwira kanthu kumawononga kuposa ntchito. Limani, koma ndi khasu la mpini wautali, mizere yochepa, n'kumawongoka pafupipafupi. Ndowa ya malita 20 pamutu panjira yoterera ya mvula ya kuno, imene imakafika mpaka mu Epulo kapena Meyi, vuto lake lalikulu ndi kugwa, choncho gawani madziwo m'zigubu ziwiri zing'onozing'ono. Pa njinga ya kabaza, kaya yakapalasa (sacramento) kapena yamoto, onetsetsani ndi maso kuti phazi ladzanzi lili pa chopondera, chifukwa likhoza kulowa mu sipoko kapena kugona pa ekizozi yotentha inu osamva.

Chimbudzi chokumba ndi chimene anthu safuna kutchula, chonsecho ndi chimene chimazunza a bondo lofooka m'mawa uliwonse. Kalipentala aliyense akhoza kubowola mpando wathabwa pakati kuti uziikidwa pa dzenje, ndipo mtengo wolimba wokhomera kukhoma umakupatsani pogwira podzuka.

Ndamva kuti jakisoni wa mavitamini amadzutsa mitsempha. Ena akuti ndikatemere mphini.

Mavitamini a B amathandiza munthu amene thupi lake likuwasowa. Kwa amene sakuwasowa sameretsa mtsempha umene unapanidwa, ndipo B6 akachuluka kwa nthawi yaitali amawononga mitsempha yomweyo. Ndalama ya jakisoni wa mwezi ndi mwezi ingagwire ntchito yabwino pogula usipa, mazira, nyemba, soya ndi mkaka, popeza mnofu umene mukuulimbitsawo umafuna chakudya chomanga thupi.

Kutikita kumapepukitsa mwendo ndi kuchepetsa kukokana, palibe choletsa. Makina ogwedeza minofu ndi magetsi ali ndi malo ake m'manja mwa a mafizo, koma sabweza mnofu umene unataya mtsempha zaka zapitazo. Mphini pa mwendo wadzanzi ndiye ayi ndithu, makamaka kwa odwala shuga: khungu lotere limachedwa kupola, ndipo bala likayamba kuola simumva. Za mapemphero sitingaletse munthu. Chokhacho, wina akakuuzani kuti mutaye ndodo kapena musiye mankhwala posonyeza chikhulupiriro, dziwani kuti mukathyoka chiuno iye sadzakhala nanu ku wodi.

Phazi limatentha usiku ngati moto, masana lili zii. Nyengo yozizira zimanyanya.

Mtsempha wovulala umatumiza mauthenga abodza: kutentha, kubaya ngati singano, kuyenda kwa nyerere, kukokana kwa katumba pakati pa usiku. Kuzizira kwa Mzuzu mu Juni ndi Julayi kumawonjezera, koma sikutanthauza kuti mtsempha ukuwonongekanso. Ululu wotere sumva panado kapena bulufeni, ndipo kumwa bulufeni kapena diclofenac miyezi yambiri kumabweretsa zilonda zam'mimba ndi kuwononga impso. Amene amathandiza ndi monga amitriptyline, gabapentin kapena pregabalin, olembedwa ndi wachipatala, oyamba pang'ono n'kumakwera. Amachepetsa ululu basi, sawonjezera mphamvu, ndipo amabweretsa tulo ndi chizungulire, chinthu choopsa kwa munthu amene amagwa kale.

Chenjerani ndi mbaula. Phazi losamva limapsa mpaka matuza mwini wake akucheza. Madzi othowera ayeseni ndi chigongono kaye. Valani sokosi ziwiri m'malo moyandikira moto, ndipo madzulo aliwonse yang'anani kupansi kwa phazi ndi pakati pa zala, kapena mwana akuyang'anireni. Musanavale nsapato gwedezani, mwina muli kamwala.

Akuti ndivale chothandizira phazi ndi kuyenda ndi ndodo. Kodi sizifooketsa mwendo? Komanso anthu aziti chiyani?

Chothandizira phazi, chimene amati AFO, ndi chipulasitiki chopepuka chogwira kumbuyo kwa mwendo n'kupinda pansi pa phazi, cholowa m'nsapato yomanga zingwe. Chimagwira phazi kuti lisagwe. Munthu akachivala amayenda mtunda wautali osatopa, ndipo kuyenda kochulukako kumalimbitsa ntchafu ndi chiuno. Mafizo a phazi mumachitabe mutachivula. Ndodo igwireni kudzanja la mbali ya mwendo wabwino, osati wofooka, iziponyedwa limodzi ndi mwendo wofookawo. Ambiri amagwira mosemphanitsa n'kumadabwa kuti phewa likupweteka.

Za anthu, n'zoona, alankhula. Bambo wa zaka 40 akatulukira ndi ndodo kutchalitchi, wina amufunsa kuti "mwakalamba liti achimwene?" Amalankhula sabata imodzi n'kuzolowera. Thalauza kapena chitenje chimabisa AFO moti ambiri sadziwa n'komwe kuti mwavala.

Kodi opaleshoni yachiwiri ingabwezeretse mphamvu?

Ngati zithunzi zatsopano zikuonetsa kuti mtsempha wapanidwanso ndipo kufooka kukukula, opaleshoni ikhoza kuletsa kuti zisapitirire ndi kubweza zimene zatayika posachedwa. Ngati palibe chopana, kutsegulanso msana sikudzutsa mnofu umene unafota kale, ndipo kumawonjezera zipsera zam'kati. Kulumikiza mtsempha wina wamoyo ku mnofu wofooka kumatheka m'miyezi yoyambirira, chaka chisanathe, osati patapita zaka.

Imene sichedwa ndi ya kuphazi kwenikweniko. Madokotala a mafupa amatha kusamutsa mnofu wamoyo wa kumbuyo kwa mwendo n'kuumangirira pamwamba pa phazi kuti uzilidzutsa, njira imene yathandiza kwa zaka zambiri anthu amene phazi linagwa chifukwa cha khate. Imafuna kuti mnofu wosamutsidwawo ukhale wamphamvu, chimene si nthawi zonse kwa a vuto la L5, komanso kakolo akhale wofewa. Funsani ngati inu mungayenere.

Ndili ndi funso la m'banja koma ndimachita manyazi.

Mitsempha ya m'munsi mwa msana ndi yomweyo imene imayendetsa chikhodzodzo, matumbo ndi mphamvu za kuchipinda, kwa abambo ndi amayi omwe. Shuga, mankhwala ena a BP, amitriptyline ndi nkhawa nazo zimachepetsa. Si kulodzedwa ndipo si kuti chikondi chatha. Pemphani kulankhula ndi wachipatala panokha, kapena pitani awiri.

Ndingayendetsenso galimoto?

Zimatengera mwendo wake. Ukakhala wamanzere, galimoto ya otomatiki imathetsa nkhani ya kilatchi. Ukakhala wamanja, funso ndi lakuti kodi mungachotse phazi pa moto n'kuponda buleki mwamphamvu mwana akadumphira mu msewu pa Katoto. Ngati phazi silimva chopondera kapena limachedwa, musadziyese nokha, akupimeni kaye, makamaka ngati mumanyamula anthu.

Kuno ku Mzuzu ndiyambire pati?

Yambirani kuchipatala chimene muli nacho pafupi kuti akuyezeni shuga, magazi ndi HIV ngati simunayezetse posachedwa, ndipo akulembereni kalata yopita ku Mzuzu Central Hospital ku Luwinga, chimene ndi chipatala chachikulu cha chigawo chonse chakumpoto. Kumeneko kuli a mafupa ndi a mafizo, komanso malo opangira ziwalo zoikirira ndi zothandizira monga AFO, amene anakhazikitsidwa mothandizidwa ndi bungwe la 500 miles. Bungwe la Malawi Against Physical Disabilities, limene ambiri amangoti MAP, lili ndi malo ku Rumphi. Zikafuna dokotala wa opaleshoni ya msana, amatumiza ku Lilongwe, kumene pa Kamuzu Central Hospital panatsegulidwa chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION mu 2023, kapena ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre. Ngati pakufunika kujambulanso m'kati mwa msana ndi makina a MRI, iwo ndi amene anganene, ndipo musaiwale kutchula ngati muli ndi zitsulo mu msana.

Nyamulani buku lakuchipatala, lakale lomwe ngakhale litang'ambika, kalata yotulukira m'chipatala, zithunzi zonse zakale ndi mapaketi a mankhwala amene mukumwa, azitsamba omwe. Amene munachitidwira kunja, mapepala aja ajambuleni pa foni kuti asasowe. Valani kabudula m'kati kuti ntchafu zonse zioneke, ndipo tengani nsapato imene mumavala masiku onse, osati ya kutchalitchi, chifukwa a mafizo amafuna kuona mbali imene yatha. Pamzere pamakhala anthu ambiri ndipo nthawi ya dokotala ndi yochepa, choncho mukalowa musayambe ndi mbiri ya chaka chimene msana unayamba. Yambani ndi chimene chasintha miyezi yapitayi, kuti mwagwa kangati, ndi ntchito imene mukulephera kugwira.